Masiku Amene Ndinkadyetsa Adani

Ndisananene kalikonse, ndithokoze Mulungu mwini chifundo, amene wandisunga m'misewu ya Livingstone zaka zonsezi, nandisiyira maso akuthwa ngakhale mutu wayamba imvi. Ndimthokoze chifukwa cha mkazi wanga, chifukwa cha galimoto yakale imene imalirabe m'mawa uliwonse, ndiponso, ngakhale ena a mumpingo adzadabwa, chifukwa cha gemu ya pa foni imene anthu asanu amamenyana ndi anthu asanu. Iye amene satola zida zake pamalo aulemu okha anaigwiritsa ntchito pa ine, ndipo kukhala chete kungakhale kusayamika.

Ine ndimayendetsa takisi ku bwalo la ndege. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya njanji, ife n'kubadwira konkuno. Kunyumba timapemphera m'Chichewa chawo, pamsewu timalankhula Chinyanja cha m'tauni. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono. Iye anakwatiwa ndi mwamuna wa Chitonga, woyendetsa kabasi ka alendo ka hotela ina ya m'mbali mwa Zambezi, munthu wanthabwala amene ankalowa m'nyumba mwanga osaodira n'kufikira kutsegula firiji. Anakhala pabanja zaka zingapo, mwana osamuona. Kenaka mlongo wanga anadwala, ndipo Ambuye anamutenga.

Nthawi yolira itatha, abale a mbali zonse tinasonkhana kuti timusudzule mlamu wanga, ndiko kumumasula kuti akhale mfulu popeza imfa yathetsa ukwati. Amene anayankhula mawuwo ndine, monga mlongo wa malemu. Ndinapemphera, ndinamugwira dzanja, ndinamuuza kuti alibe mlandu ndi ife, apite mumtendere. Ndinayankhula bwino kwambiri moti anapitadi. Kutchalitchi analeka kubwera. Kunyumba kwathu analeka. Popanda mwana pakati pathu, panalibe chingwe chomukokera, ndipo ndinaona kuti ndikutaya munthu wachiwiri pa maliro amodzi.

Chowawa n'chakuti tinkaonana tsiku lililonse. Ndege za alendo zimatera mothithikana chakumasana, choncho m'mawa wonse oyendetsa timangodikira pamalo oimika magalimoto. Mlamu wanga ankaimika kabasi kake kumapeto, pafupi ndi mpanda. Moni ankandipatsa, koma moni wa kwa mlendo. Akatero ankavala zomvera m'makutu, kugwira foni chopingasa ndi manja awiri, zala zikuvina, pakamwa pakung'ung'udza. Ine ndinkakhala m'takisi mwanga kumupempherera.

Mkazi wanga nditamuuza zimenezi anandiyang'ana nati, "Inu mukupemphera m'galimoto mwanu, iwo ali m'mwawo. Kodi miyendo munabwereketsa?"

M'mawa mwake ndinayenda mpaka kumpanda kuja. Ndinamupeza akukuwa, "Bwelela kumbuyo, iwe! Bali batatu mu mauzu!" Sanandione. Ndinaima pawindo n'kumasuzumira pagalasi la foniyo.

Dziko lake ndi laling'ono, lokwana pachikhatho. Pangodya ina pali mudzi wanu, pangodya inayo mudzi wa adani, ndipo pakati pa mudzi uliwonse pali mwala waukulu wowala. Mwala wanu ukasweka, mwagonja. Njira zitatu zimalumikiza midziyo, yapamwamba, yapakati ndi yapansi, iliyonse ili ndi nsanja zolasa moto mlendo aliyense wofika pafupi. Pakati pa njirazo pali tchire la zilombo, ndi mtsinje wodula dzikolo pakati. Munthu aliyense amasankha ngwazi imodzi yoti aiyendetse, ndipo tiasilikali ting'onoting'ono timatuluka tokha m'magulu, kumayenda kukafa popanda wotifunsa maganizo. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinkangoona tinthu tikuthamangitsana m'kuwala kwa mitundumitundu.

Gemu itatha anavula zomvera zija, nadzidzimuka.

"Ba mulamu! Kuli vuto?"

"Kulibe, alamu. Ndimangoonerera. Mwapambana?"

"Awe, taluza. Tili chabe banayi. Wachisanu anayenda ku nchito ku Kazungula, manje makina itipasa munthu aliyense. Benangu ni bana ba sukulu, benangu bathaba pakati pa nkhondo."

"Nanga ine sindine munthu?"

Anaseka. Chichitikireni maliro ndinali ndisanamumve akuseka, ndipo phokosolo linandilowa ngati madzi panthaka ya mwezi wa Okutobala.

"Imwe? Ba mulamu, imwe foni muigwila monga mbale ya chopeleka!"

"Ikani gemuyo," ndinatero, n'kumupatsa foni yanga.

Umo ndi mmene ndinakhalira wachisanu. Enawo ndinawadziwa ndi mawu okha poyamba, chifukwa aliyense amasewera ali pantchito pake, n'kumayankhulana kudzera m'zomvera. Panali mayi wina wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, wofulumira pakamwa ndi pazala pomwe. Panali bambo wokonza mafoni pa Mosi-oa-Tunya Road, amene anangomva kuti ndimatsogolera mapemphero a Lachitatu m'dera lathu n'kuyamba kunditchula ba pasita, ngakhale ndinamuuza kangapo kuti sindine m'busa. Wachinayi anali wophika wa kuhotela ya mlamu wanga, munthu wosayankhula, womenya nkhondo yake mwakachetechete panjira yapamwamba.

Lamlungu masana, titabwerako kutchalitchi, ndinakhala pakhonde kuwerenga mbiri za ngwazi zija. Iliyonse ili ndi nkhani yake yolembedwa, ndipo ndinapeza kuti anzanga anayiwo palibe amene anawerengako ngakhale mzere umodzi. Ine chizolowezi changa n'chakuti cholembedwa chimawerengedwa. Akuti kalekale mwala unali umodzi, mafumu awiri apachibale n'kuukanganirana mpaka kuung'amba pawiri, ndipo kuyambira pamenepo zidzukulu zawo sizinagone tulo. Nkhani imeneyo sinandidabwitse. Ya abale awiri okanganirana cholowa ndinaidziwa ndisanaphunzire kumanga nsapato. Zimene zinandisautsa ndi ngwazi zina: woitana mizimu ya akufa, mkazi woyamwa moyo wa anzake, wansembe wa mdima wovala zigaza m'chiuno. Chala changa chinayima pamwamba pa batani lofufutira. Ndinapemphera, ndinaganizira mlamu wanga ali yekha kumpanda kuja, ndipo ndinaika malire: oterewo sindidzawakhudza, ngakhale atakhala amphamvu chotani. Ndinasankha wosula zitsulo wa nyundo yaikulu, amene mbiri yake imati anasiya ng'anjo ikuyaka kuti akaombole anthu akwawo ku ukapolo.

Chinanso chinandigwira mtima m'masiku oyambawo. M'gemumo ukafa, galasi limachita imvi, manambala n'kumatsika, ndipo akatha umadzuka kumudzi kwanu uli wathunthu. Nthawi yoyamba imene ndinaona zimenezi ndinakumbukira manda a mlongo wanga, ndipo ndinatsala pang'ono kuzimitsa foni. Kuuka kotchipa chonchi kunandinyansa. Koma ndinadziuza kuti nafenso tikudikira, kungoti manambala athu sationetsa.

Kaseweredwe kanga kanali kosavuta. Ndikaona mdani, ndinkapita. Awiri, ndinkapita. Atatu ataima pansi pa nsanja yawo, ndinkapitabe, nyundo ili m'mwamba, mtima uli ngati wa mkango. Galasi linkachita imvi, ndinkadikira, ndinkadzuka, ndinkapitanso.

"Ba pasita bafida futi!" ankakuwa wokonza mafoni.

Tsiku lachiwiri ndinafunsa kuti kufida n'chiyani. Mayi wa ku Mukuni Park anayankha akuseka, "Ni kudyesa, ba tate. Mudyesa ba enemi."

Apa m'pamene ndinasokera. Ine ndinakula ndikumva kuti mdani wako akakhala ndi njala umpatse chakudya, ndipo mawu amenewo ali m'magazi mwanga. Choncho ndinaganiza kuti akundiseka chifukwa cha chikhulupiriro changa, kuti ati munthu wa Mulunguyu ngakhale pankhondo ali ndi chifundo, sapha anthu ngati anzake. Zinali zoona kuti sindinkapha munthu. Kusekedwa chifukwa cha zabwino ndi chinthu chimene Mkhristu amaphunzitsidwa kuchilandira mokondwera, ndiye ndinachilandira. Akati, "Bafida!" ine ndinkayankha, "Ameni." Iwo ankafa nako kuseka, ine n'kumaona ngati ndikuchitira umboni.

Ndinafika nazo patali. Lachitatu lina pamapemphero ndinauza abale ndi alongo kuti ngakhale m'masewera a pa foni kuwala sikubisika, pakuti anzanga osapemphera anditcha wodyetsa adani. Amayi ena anakweza dzanja nati Aleluya.

Patapita masabata atatu ndinapita ndi alendo awiri ku Mukuni Park kuti akagule zokumbukira. Iwo ali kuzungulira m'mashedi, ndinamva mawu odziwika akuitana, "Ba tate ba nyundo! Ndimwe, ai? Namvela mau." Anali mayi uja, wamfupi, wamaso akuthwa, atakhala kumbuyo kwa thebulo la mvuu ndi akadyansonga a mtengo. Tinapatsana moni, anandipatsa kampando, ndipo nkhope yake inasintha.

"Ba tate, nifuna nikulangizeni chinthu. Osakalipa."

Anatenga mvuu yonenepa n'kuiimika pakati pa thebulo. "Uyu ndimwe." Anatenga kang'ona kakang'ono. "Uyu ni enemi." Kenaka anaika kadyansonga wowonda kumbali. "Aba ni ba mulamu banu, na uta wao." Anagwetsa mvuu ija ndi chala, natenga mikanda yodzaza dzanja n'kuithira pa kang'ona kaja.

"Mukafa, golide yonse iyenda kuli uyu. Agula lupanga. Mwauka, mwabwela futi, mwafa futi." Anathiranso mikanda. "Agula chovala cha nsimbi. Mwafa futi." Anachotsa kang'ona n'kuikapo ng'ona yaikulu, yotalika ngati mkono wanga. "Manje akakhuta so, ayenda kuli ndani? Kuli imwe? Awe, imwe ndimwe chabe chakudya cha kuseni. Ayenda apa." Anagunda kadyansonga uja, nagwera pansi pa thebulo.

Ndinakhala ndikuyang'ana pamene anagwera.

"Ndiye kufida kumeneko?"

"Ndiye kufida. Kansi imwe munali kuganiza chani?"

Iye anatola kadyansongayo, namupukuta ndi chitenje, napitiriza motsitsa mawu. Anati chilowereni ine timu yatsika pamakwerero amene gemuyo imaikapo osewera, ndipo zimene anakwera miyezi yambiri zagumuka m'masabata atatu. Wokonza mafoni wanena kuti ndichotsedwe. Mlamu wanga wakana, nati andipatse mpaka Loweruka.

"Akamba ati, ni mulamu wanga, musiyeni. Koma ba tate, naye alema. Iyi gemu ndiye yeka imene imusekesa. Mukaiononga, azankhala na chani?"

Alendo anga anabwera ndi njovu yokulunga m'nyuzipepala, ndipo ndinawayendetsa kubwerera kuhotela osatha kuwasonyeza kalikonse panjira. Manyazi anandiphimba ngati bulangete. Chimene ndinkachitcha chifundo, wolipira anali mlamu wanga ndi thupi lake. Ndipo nditadzifufuza bwino ndinapeza kuti sichinali chifundo n'komwe. Ndinkakonda kukhala patsogolo. Zaka zambiri ndaima kutsogolo kwa anthu, buku lili m'manja, onse akundiyang'ana, ndipo ndinalowa m'kadziko kameneka ndi mtima womwewo. Ndikachotsedwa Loweruka, ndidzabwerera m'takisi mwanga, iye kumpanda kwake, ndipo khomo limodzi limene linatseguka ndidzakhala nditalitseka ndekha.

Lachitatu lotsatira ndinaimirira pamapemphero n'kubweza umboni uja. Ndinafotokoza za mvuu ndi ng'ona. Amayi a Aleluya aja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi duku, koma nditamaliza tinapempherera mlamu wanga pamodzi.

Ndisanachoke ku Mukuni Park tsiku lija, mayiyo anali atandiuza kuti ndisiye nyundo nditenge woliza belu. Ndinakawerenga mbiri yake. Ndi nkhalamba ya mumzinda umene unamira ndi chigumula anthu ali m'tulo, chifukwa iye, mlonda wa pansanja, anachedwa kuliza belu. Anapulumuka yekha. Tsopano amayenda atasenza belulo kumsana, ndipo akaliliza, ovulala amene ali pafupi naye amachira. Alibe lupanga. Sathamanga. Pa ngwazi zonse, ndi iye amene anthu amamusankha akasowa chochita, chifukwa pamapeto pa gemu dzina lake silikhala pamwamba. Ndinawerenga nkhaniyo kawiri. Ndinkadziwa kanthu za munthu amene anachedwa, pakuti inenso ndinachedwa kupita kumpanda kuja.

Masiku otsalawo ndinkaphunzira ndekha, kumenyana ndi makina, podikira ndege za masana, foni ili pachaja cha m'galimoto, thukuta likutsika m'khosi. Kunyumba mkazi wanga anati belulo likumusokoneza, akumangoona ngati wachedwa kutchalitchi. Ntchito ya woliza belu ndi kuyenda kumbuyo kwa woponya mivi panjira yapansi, kumuunikira m'maudzu mmene adani amabisala, kumusiyira golide yense, ndi kuyang'anitsitsa kamzere kobiriwira ka pamwamba pa mutu wake kamene kamaonetsa moyo umene watsala. Woponya mivi wa timu yathu anali mlamu wanga. Kwa nthawi yoyamba ndinasiya kuyang'ana adani n'kuyamba kuyang'ana iye.

Ndipo ndinaona zimene sindinazione ndili patsogolo. Ankasewera bwino, koma sankadziwa kubwerera. Kamzere kake kakafiira, ena onse amathawira kumudzi kukachira, iye ankapitabe, ngati munthu amene sakusamala kuti atuluka wamoyo kapena ayi. Lachisanu tikuyesera, ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Ni sitayelo chabe, ba mulamu." Sindinamutsutse. Ndinangosendera pafupi.

Loweruka linafika kukutentha, utsi wa mathithi a Zambezi ukuoneka pang'ono kum'mwera. Ndege ya masana inali itachedwa, choncho nthawi inalipo. Ndinakhala pamwala pafupi ndi kabasi kake, iye ali pampando wake chitseko chili chotsegula. Enawo analowa mmodzimmodzi m'makutu mwathu.

"Ba pasita, lelo ni Sande ya ba enemi kapena bazagona na njala?" anafunsa wokonza mafoni.

"Lero asala kudya," ndinayankha.

Mphindi khumi zoyamba sindinafe. Ndinkayenda kumbuyo, kuunika m'maudzu, kuliza belu kamzere kake kakatsika. Mdani wina anatilumphira kuchokera kutchire, ndinaliza, mlamu wanga anamulasa katatu n'kumugwetsa. "Iyo!" anakuwa, nandimenya paphewa osachotsa maso pagalasi. Tinagwetsa nsanja yawo yoyamba. Adaniwo anayamba kutilembera zachipongwe, monga amachitira anthu osaonana nkhope, ndipo mmodzi anatukwana amayi anga amene anagona kalekale. Mayi wa ku Mukuni Park anati, "Osayankha, ba tate, batsekeni pakamwa," nandiuza batani lake. Ndinalakalaka batani lotero likanapezeka m'misonkhano ina.

Pakati pa gemu pamatuluka chilombo chachikulu pamtsinje, ndipo timu imene yachipha imalandira mphamvu kwa kanthawi. Tinasonkhana pamenepo tonse asanu, adaninso anabwera onse asanu, ndipo zimene zinachitika sindingathe kuzilongosola bwino. Kuwala, kukuwa, wophika uja akugwa mwakachetechete, wokonza mafoni akutchula mayina a nyama. Utsi utachepa ndinaona mlamu wanga akuthawa kutsata mtsinje, kamzere kake katatsala ngati ulusi, adani awiri ali pambuyo pake. Inde, ankathawa. Belu ndinali nditaliliza kale, linali lisanadzazenso. Ndinalibe china. Pali pena pamene njira imapanikizika pakati pa matanthwe, pongodutsa munthu mmodzi. Ndinalola mlamu wanga adutse, ine n'kuima pamenepo ndi belu langa kumsana.

Anandipha, ndithudi. Koma zinawatengera kanthawi, chifukwa nkhalamba ija ndi yolimba, ndipo pamene ankamaliza, mlamu wanga anali pansi pa nsanja yathu.

"Bafida!" anakuwa wokonza mafoni. "Nenze nakamba!"

"Iwe, nkhala zii," anatero mlamu wanga. Mawu ake anali otsika. "Iyo si kufida. Wamvela? Iyo si kufida."

"Ni zoona," anatero mayi uja. "Apo bagula moyo wa ba mulamu bao."

Ndinakhala ndikuyang'ana galasi la imvi, manambala akutsika, ndipo sindinkawaona bwino.

Ndikanakonda kulemba kuti tinapambana. Sitinapambane. Chakumapeto netiweki ya wophika inadukaduka, ngwazi yake n'kumangoyenda yokha kulowa m'khoma, ndipo adani anabwera ndi njira yapakati. Wokonza mafoni anaitanitsa voti yogonja, monga zimaloledwa zinthu zikathina, koma ine ndi mlamu wanga tinakana, ndipo tinateteza mwala wathu mpaka unasweka tili pomwepo. Pamapeto pake onse khumi tinalemba tizilembo tiwiri totanthauza kuti yaseweredwa bwino, ngakhale uja wotukwana amayi anga. Mwambo umenewo ndimaukonda. Za kundichotsa palibe anazitchula. Wokonza mafoni anangoti, "Mande pa teni, ba pasita. Na belu yanu, osati ija hamala."

Ndinabwerera kutakisi kwanga kukamwa madzi. Ndisanatseke botolo, chitseko cha mbali inayo chinatseguka, mlamu wanga n'kulowa, nakhala. Anayang'ana kutsogolo, foni akuitembenuzatembenuza pabondo.

"Ba mulamu, nili na nkhani."

"Ndikumva, alamu."

"Uja wa ku Mukuni Park."

"Wa mvuu ndi ng'ona?"

"Wamene uyo. Nifuna kumukwatila."

Kunja oyendetsa anzathu ankakangana za mpira. Ine ndinaona nkhope ya mlongo wanga tsiku la ukwati wake, akuseka chifukwa nsapato inamuthina. Ndinali nditamumasula munthuyu ndi pakamwa panga pamaso pa abale, koma pamenepo ndinazindikira kuti mumtima ndinali nditamusunga kuti akhalebe mwamuna wa mlongo wanga mpaka kalekale, wamasiye wathu, wolira nafe. Kunandiwawa, ndipo sindibisa.

Iye anapitiriza, osandiyang'ana. "Nenze kuyopa kubwela kunyumba kwanu. Pali chithunzi cha mlongo wanu pa chipupa. Na imwe mukaseka, museka monga eve. Nenze kukangiwa kupilila." Kenaka anati, "Ba malume bazabwela kuchoka ku Kalomo, koma beve sibaniziba bwino. Nifuna imwe munkhale ankhoswe banga. Ngati ni zolema, kambani chabe, nizamvela."

Ndege ija inamveka ikutsika, oyendetsa onse anayamba kutola zikwangwani zawo, ndipo ndinangomugwira dzanja n'kunena kuti andipatse masiku awiri.

Mkazi wanga nditamuuza analira, kenaka anafunsa ngati mayiyo amapemphera, kenaka anafunsa ngati ali wamtali kapena wamfupi. Lamlungu titaweruka ndinapita ndekha kumanda. Ndinazula udzu umene unamera m'mbali, ndinakhala pansi, ndipo ndinauza Ambuye zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, pakuti Iye sadabwa ndi za mumtima mwa munthu. Ndinakumbukira kuti mlongo wanga sankatha kuona munthu akudya yekha. Ankanyamula mbale yake kukakhala naye, ngakhale mlendo. Ndinachoka pamenepo dzuwa likadali pamutu, katundu atapepuka.

Lolemba pa teni koloko tinalowa tonse asanu. Gemu isanayambe pamakhala kamphindi kosankha ngwazi, nthawi ikuwerengedwa pamwamba pa galasi. Ndinakonza kukhosi.

"Alamu, nkhani ija ndavomera. Ndidzaima nanu."

Kenaka ndinamva mayi wa ku Mukuni Park akupuma mokoka, ngati munthu amene watula mtolo, nanena chapansipansi, "Zikomo, ba tate." Kuchokera kumpanda kuja kunamveka hutala ya kabasi ka mlamu wanga, kawiri, moti oyendetsa onse anatembenuka.

"Nkhani bwanji iyo?" anafunsa wokonza mafoni. "Imwe banthu mubisa chani? Ba pasita, sankhani, nthawi isila!"

Ndinasankha, ndipo tinatuluka m'mudzi.

Ndinaimadi monga nkhoswe yake, pambali pa amalume ake a ku Kalomo, ndipo lero akakangana m'nyumba mwawo, khomo limene amagogoda ndi langa. Pa asanufe ine ndidakali wosadziwa kwambiri kuposa onse, ndipo zala zanga sizifulumiranso kuposa apa.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani pantchito panu ndi panyumba panu. Amene mwaika wokondedwa wanu m'manda, akupukuteni misozi ndi dzanja lake. Amene muli ndi m'bale amene akutalikira, akupatseni kudzichepetsa kokwanira kumutsatira kumene ali, ndi mtima waukulu wokondwera naye akapeza chimwemwe chimene simunamukonzere ndinu. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu, lero ndi masiku onse. Ameni.